Loya wa wantchito lero, wa bwana mawa: tizimuyeza ndi muyeso uti?

Pa 26 July 2017, khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linapereka chigamulo chimene mabungwe a anthu ogwira ntchito m'dzikolo amachinyadirabe mpaka lero. Kuyambira mu 2013, boma linkalipiritsa aliyense wofuna kukasumira bwana wake ku khoti loona za ntchito, ndipo pa milandu ya kuchotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka kapena ya tsankho, ndalamazo zinkafika mapaundi 1,200. Munthu amene wangochotsedwa kumene ntchito sakhala ndi ndalama zotere, choncho milandu yokasumidwa inatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 iliyonse. Bungwe la ogwira ntchito la Unison linatengera boma ku khoti, ndipo oweruza, motsogozedwa ndi chigamulo chimene analemba Lord Reed, anati ndalamazo n'zosemphana ndi malamulo chifukwa zinkatsekera anthu khomo la chilungamo. Amene anatsogolera maloya a Unison pa mlanduwo anali Mayi Dinah Rose.

Patangopita zaka zitatu, mayi omwewo anaimanso pamaso pa khoti lomwelo, koma ulendo uno ankaimira Uber, kampani ya matakisi oitanidwa pa pulogalamu ya pa foni, imene inkakana kuti madalaivala ake ndi antchito oyenera kulandira malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma komanso malipiro a masiku a tchuthi. Pa 19 February 2021 Uber inagonja. Munthu wongomva nkhani ziwirizi amafulumira kunena kuti loya wotere ali ngati mleme, sadziwika ngati ndi mbalame kapena mbewa, ndipo amangotsata kumene kuli ndalama. Ine ndikuona kuti kuweruza kotereku n'kolakwika, ndipo kukanakhala kuti anthu onse amaganiza choncho, woyamba kuvulala akanakhala wantchito yemweyo amene tikumumvera chisoni. Komabe maloya a mtundu umenewu ali ndi malo ena pamene chodzitetezera chawo chimatha mphamvu, ndipo pamenepo sitiyenera kuwasiya osawafunsa.

Ku England ndi ku Wales ntchito ya uloya inagawidwa pawiri, mosiyana ndi ku Malawi kumene loya mmodzi amalandira munthu mu ofesi, kumulembera makalata, n'kukamuyankhuliranso ku khoti. Kumeneko kuli ma solicitor, amene amakumana ndi mwini mlandu ndi kusonkhanitsa umboni, ndiye pali ma barrister, amene ntchito yawo yaikulu ndi kupereka uphungu pa mfundo zovuta za malamulo ndi kukatsutsana pamaso pa oweruza. Barrister amavomerezedwa kudzera m'limodzi mwa mabungwe anayi akalekale a mu London, omwe ndi Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple ndi Middle Temple, kenako amaphunzira ntchito kwa chaka chimodzi pansi pa mnzake wamkulu. Ambiri mwa iwo sakhala olembedwa ntchito ndi munthu. Amangosonkherana lendi ya maofesi ndi malipiro a makalaliki, moti anthu awiri a m'nyumba imodzi akhoza kukumana ku khoti wina ali mbali iyi, wina mbali inayo.

Pamwamba pa zonsezi pali lamulo limene iwo amalitcha cab rank rule, kutanthauza lamulo la pa renki ya matakisi. Takisi imene ili kutsogolo pa mzere imanyamula munthu amene wafika, osayamba yamufunsa za chipani chake, tchalitchi chake kapena mbiri yake. Chimodzimodzinso barrister: solicitor akamubweretsera mlandu wa m'gawo limene iye amalidziwa, ali ndi nthawi, palibe kusemphana ndi mlandu wina umene akugwira, ndipo malipiro ake ndi oyenera, saloledwa kukana chifukwa choti mwini mlanduyo amamunyansa kapena maganizo ake sagwirizana nawo. Lamuloli mizu yake ndi yakale. Mu 1792 Thomas Erskine anaimira Thomas Paine, amene ankazengedwa mlandu woukira boma chifukwa cha zimene analemba, ndipo anataya udindo wake wokhala loya wa mwana wa mfumu chifukwa chokana kumusiya. Mfundo yake inali yakuti loya akayamba kusankha amene ali woyenera kuimiridwa, ndiye kuti watenga mpando wa woweruza mlandu usanayambe n'komwe.

Ife a ku Malawi sitifunika kupita ku London kuti timvetse kulemera kwa mfundo imeneyi. A Orton Chirwa, amene anavomerezedwa kukhala barrister ku Lincoln's Inn mu 1958, pamodzi ndi akazi awo Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wachizimayi m'dziko muno, anazengedwa mlandu woukira boma m'khoti la makolo kumene maloya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. A Orton Chirwa anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992. Dongosolo limene limalola kuti munthu wodedwa ndi akuluakulu asowe womuyankhulira silithera pa munthu mmodzi ameneyo. Ngakhale kumudzi, banja likavuta, mbali iliyonse imabwera ndi ankhoswe ake, ndipo palibe amene amaganiza kuti nkhoswe ya mwamuna wolakwa ndiyo inalakwa. Tikudziwa kuti popanda iyo nkhaniyo singakambidwe mpaka kutha.

Palinso phindu lina limene anthu saliona msanga. Chigamulo cha Uber chili ndi mphamvu lero chifukwa chakuti mfundo zolimba kwambiri za kampaniyo zinaperekedwa ndi katswiri, oweruza n'kuziyesa, n'kuzipeza zoperewera. Kampaniyo inkati ndi mkhalapakati chabe, wolumikiza dalaivala ndi wokwera, ndipo mapepala a mgwirizano ankanenadi zimenezo. Oweruza anayang'ana zochitika m'galimoto mwenimwenimo. Mtengo wa ulendo ankaika ndi Uber, dalaivala ankapatsidwa masekondi 10 kuti avomere ulendo asanadziwe kumene wokwerayo akupita, akakana maulendo motsatizana ankatulutsidwa pa pulogalamuyo kwa mphindi 10, ndipo nyenyezi zimene okwera ankamupatsa zikatsika kwambiri ankatha kuchotsedweratu. Lord Leggatt anati malamulo oteteza antchito anaikidwa kuti ateteze munthu amene alibe mphamvu yokambirana za mgwirizano wake, choncho sizingakhale zomveka kuti pepala lolembedwa ndi bwana yekha ndilo ligamule ngati munthuyo ali wotetezedwa kapena ayi. Mwezi wotsatira Uber inalengeza kuti madalaivala ake pafupifupi 70,000 a ku Britain aziwerengedwa ngati antchito. Chigamulo chopambana mdani wofooka, amene loya aliyense waluso anamukana, sichikanakhala chovuta kuchigwedeza pa mlandu wotsatira.

Moyo wa ntchito wa Mayi Cherie Booth, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Cherie Blair, umaonetsa bwino mbali zonse za nkhaniyi. Anaphunzira zamalamulo ku London School of Economics, anakhoza kuposa anzawo onse pa mayeso a ma barrister mu 1976, ndipo anaphunzira ntchito pansi pa Derry Irvine pamodzi ndi mnyamata wina dzina lake Tony Blair, amene anadzakhala amuna awo. Malo okhazikika m'maofesiwo anapatsidwa kwa mnyamatayo, ndipo n'zosadabwitsa kuti mayi amene anayamba ntchito motero anadzakhala katswiri wa milandu ya tsankho la pa ntchito. Mu 1995 anapatsidwa ulemu wa QC, woperekedwa kwa maloya akuluakulu, umene tingaufanizire ndi wa SC kuno kwathu, ndipo mu 2000 anali m'gulu la maloya amene anayambitsa Matrix Chambers.

Mu 1997, patangopita miyezi iwiri amuna awo atakhala nduna yaikulu, Mayi Booth anakaima ku khoti la mayiko a ku Ulaya ku Luxembourg kuimira Lisa Grant, kalaliki wa kampani ya sitima ya South West Trains. Kampaniyo inkapereka matikiti otsika mtengo kwa mkazi kapena mwamuna wa wantchito, ngakhale kwa chibwenzi chokhazikika, koma inakana kutero kwa Grant chifukwa mnzake wokhala naye anali mkazi. Mfundo ya Mayi Booth inali yosavuta kuitsata: wantchito wamwamuna wokhala ndi mkazi amalandira matikitiwo, wantchito wamkazi wokhala ndi mkazi salandira, ndiye chosiyanitsa ndi chiyani ngati si chakuti wina ndi mwamuna wina ndi mkazi? Boma la Britain, lotsogozedwa ndi amuna awo, linali mbali yotsutsa. Mu February 1998 khotilo linakana mfundoyo, koma mu 2000 mayiko a mu European Union anagwirizana za lamulo loletsa tsankho lotere pa ntchito, ndipo Britain inaliyamba kuligwiritsa ntchito mu 2003. Patapita zaka, mayi omwewo anaimira Shabina Begum, mtsikana wachisilamu wa ku Luton amene sukulu yake inamukaniza kuvala chovala chachitali chofunda thupi lonse, ndipo anapambana pa apilo mu 2005 asanagonje mu 2006 ku House of Lords, limene pa nthawiyo linali khoti lalikulu kwambiri la ku Britain. Owerenga ena angakwiye ndi mlandu woyambawo, ena ndi wachiwiriwo, ndipo n'kutheka kuti amene akuombera m'manja wina ndi omwe akunyansidwa ndi unzakewo. Pamenepa m'pamene lamulo la pa renki limaonekera ubwino wake, pakuti anthu awiri onsewa anali ang'onoang'ono pamaso pa amene ankalimbana nawo, ndipo onse anapeza loya wapamwamba.

Tsopano tifike pamene lamuloli limathera. Malire oyamba ndi ndalama. Takisi imanyamula aliyense, inde, koma aliyense amene ali ndi ya ulendo. Ku makhoti oona za ntchito a ku England boma nthawi zambiri sililipirira munthu loya, ndipo wopambana kawirikawiri sabwezeredwa ndalama zimene wawononga pa mlandu. Taganizirani mayi wochokera kuno kwathu kapena ku Zimbabwe amene amasamalira okalamba, ndipo bwana wake wamuchotsa ntchito atadandaula za maola amene sanalipidwe. Amafika m'chipinda cha khoti atanyamula mapepala ake a malipiro m'jumbo, mauthenga a pa WhatsApp atawasindikiza pa mapepala osasanjidwa bwino, ndipo tsidya lina la tebulo kwakhala barrister wa kampani ali ndi faelo yokhala ndi manambala tsamba lililonse, wokonzeka kumufunsa chifukwa chake tsiku limene analemba m'kalata likusiyana ndi limene wanena pakamwa. Lamulo la pa renki silimuthandiza mayi ameneyu, chifukwa sanafike n'komwe pa renkipo. Amene amamuthandiza, akachita mwayi, ndi bungwe la ogwira ntchito ngati anali membala, kapena mabungwe a maloya ogwira ntchito mwaulere monga Free Representation Unit, limene linayamba mu 1972, ndi Advocate. Barrister amene amanyadira lamuloli pamene chaka chonse akuimira makampani okhaokha, chifukwa ndi okhawo angakwanitse mtengo wake, sanaphwanye lamulo lililonse, koma asatiuze kuti khomo lake ndi lotsegukira onse.

Malire achiwiri ndi amene amandikhudza kwambiri, chifukwa amafika mpaka ku mayiko athu. Malamulo a ma barrister amanena momveka kuti lamulo la pa renki silimukakamiza munthu kulandira ntchito ya kunja kwa dziko. Izi zinaonekera poyera mu January 2021, pamene David Perry, barrister wotchuka wa ku London, anavomera kukaimira boma la Hong Kong pozenga mlandu Jimmy Lai ndi anzake chifukwa cha zionetsero za mu 2019. Anthu atadzudzula kwambiri, anasiya mlanduwo, ndipo palibe lamulo limene linamuletsa kusiya kapena limene linamukakamiza kuvomera poyamba. Mwezi womwewo Mayi Dinah Rose aja anadzudzulidwa ndi a Edwin Cameron, amene anali woweruza wa khoti la malamulo aakulu ku South Africa, chifukwa choimira boma la Cayman Islands pa mlandu wa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo iwo anayankha kuti mlanduwo unkamvedwa ndi Privy Council, khoti lomaliza la apilo pa milandu ya ku zilumbazo, mu London momwemo, choncho lamulo linkawamanga. Kaya munthu akugwirizana ndi yankho limeneli kapena ayi, funso limene linafunsidwa ndi loyenera: kodi loyayu anali ndi ufulu wokana?

Mu 2011 Mayi Booth anayambitsa kampani ya zamalamulo ya Omnia Strategy, imene imalangiza maboma ndi makampani akuluakulu komanso kugwira milandu ya malonda a pakati pa mayiko. Zinthu ziwiri zimene zinachitika mu 2015 siziyenera kuikidwa m'thumba limodzi, ngakhale manyuzipepala ambiri anatero. Mu June chaka chimenecho, mkulu wa akazitape a ku Rwanda, Karenzi Karake, anamangidwa pa bwalo la ndege la Heathrow chifukwa dziko la Spain linkamufuna, ndipo Mayi Booth anali m'gulu la maloya omuteteza mpaka khoti linathetsa nkhaniyo mu August. Uyu anali munthu womangidwa, woima pamaso pa woweruza wa ku London, ndipo munthu wotere ayenera kukhala ndi womuyankhulira, kaya akumuneneza zoopsa chotani. Chaka chomwecho Omnia inalembedwa ntchito ndi boma la Maldives pa nkhani ya Mohamed Nasheed, mtsogoleri wakale wa dzikolo amene anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 13 pa mlandu wa uchigawenga. Mbali ya Nasheed kunali loya Amal Clooney, ndipo gulu la akatswiri a United Nations linadzapeza kuti kumangidwa kwakeko kunali kosatsata chilungamo. Apa wofuna thandizo linali boma lokhala ndi apolisi, ndende ndi makhoti ake, ndipo palibe renki imene inakakamiza wina aliyense kulinyamula. Sindikunena kuti kulangiza boma lotere n'kuphwanya lamulo. Ndikunena kuti kunali kusankha, ndipo wosankha ayenera kufotokoza kusankha kwake ndi pakamwa pake, osabisala kuseri kwa mwambo wa Erskine.

Kusiyana kumeneku kumakula tikalowa m'milandu ya malonda imene imathetsedwa ndi amkhalapakati osankhidwa ndi eni mlandu, m'malo mwa khoti. Mlandu wa wantchito umamvedwa poyera, mtolankhani akhoza kukhala pa benchi yakumbuyo, ndipo chigamulo chimaikidwa pa intaneti. Milandu yambiri ya amkhalapakati imamvedwa m'chipinda chotseka, koma chigamulo chake chikhoza kukakamizidwa m'mayiko oposa 160 amene anasaina pangano la ku New York la mu 1958, limene Malawi analowamo mu 2021. Mu 2017 amkhalapakati a ku London anagamula kuti Nigeria ilipire kakampani kotchedwa P&ID madola 6.6 biliyoni chifukwa cha mgwirizano wa gasi umene sunagwire ntchito, ndipo ndi chiwongoladzanja ndalamazo zinapitirira madola 11 biliyoni. Kumapeto kwa 2023 woweruza Robin Knowles wa ku khoti la ku London anathetsa chigamulocho atapeza kuti chinapezedwa mwachinyengo, kuti panali ziphuphu, ndiponso kuti mbali ya kampaniyo inali ndi zikalata zachinsinsi za maloya a Nigeria. Anatumiza chigamulo chake ku mabungwe oyang'anira khalidwe la maloya. M'chipinda chopanda mtolankhani ndi anthu oonerera, chikumbumtima cha loya chimanyamula katundu wolemera kuposa mmene chimanyamulira ku khoti.

Pali yankho lamphamvu limene ndiyenera kulivomereza. Maboma ndi makampani nawonso amafunika maloya aluso, ndipo mayiko osauka ndi amene amavulala kwambiri akapanda kuwapeza. Amene anapulumutsa Nigeria ku ngongole ija anali ma barrister a ku London omwewo. Mozambique inapambana mu July 2024, pamaso pa woweruza Knowles yemweyo, pa mlandu wake ndi kampani ya Privinvest wokhudza ngongole zobisika za pafupifupi madola 2 biliyoni. Anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola ku Zambia analoledwa mu April 2019 kusumira kampani ya Vedanta ku England chifukwa cha madzi oipitsidwa ndi mgodi wa Konkola, ndipo mu 2021 kampani ya Camellia inagwirizana zothetsa kunja kwa khoti madandaulo a amayi 36 amene ankati anachitidwa nkhanza zogonana m'minda ya tiyi ya kampani yake ya ku Malawi. Milandu imeneyi imafuna munthu wodziwa malamulo a makampani, a ntchito ndi a tsankho nthawi imodzi, ndipo luso lotere silimera mwa munthu amene moyo wake wonse anangoona mbali imodzi. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi maloya oposa 100 amene mu March 2023 analengeza kuti sadzazenga milandu anthu ochita zionetsero za kusintha kwa nyengo kapena kuimira ntchito zatsopano za mafuta. Cholinga chawo ndimachilemekeza, koma khomo limene akutsegulalo adzalowerapo ena amene chikumbumtima chawo chidzawauza kukana wothawa kwawo, Msilamu kapena mtsogoleri wa sitalaka.

Chimene ndikupempha ndi chaching'ono poyerekeza ndi zimenezo. M'makhoti a kwawo, barrister anyamule aliyense amene wafika pa renki, ndipo ife tileke kumupaka matope a munthu amene akumuimira. Koma akakwera ndege kukalangiza boma limene latsekera wotsutsa m'ndende, kapena akalowa m'chipinda chotseka kukafuna mabiliyoni kwa dziko limene zipatala zake zilibe mankhwala, anene poyera kuti wasankha yekha, ndipo alole kufunsidwa chifukwa chake. Nafenso, boma lathu likalemba ntchito maloya akunja, tili ndi ufulu wodziwa kuti ndi ndani, alipidwa zingati kuchokera ku misonkho yathu, ndipo mgwirizano umene akukautetezawo anasaina ndani, popeza kuyambira 2021 chigamulo cha amkhalapakati a ku London kapena ku Paris chikhoza kubweretsedwa ku khoti la ku Blantyre kuti litsimikize kuti chalipidwa.